Riboni yachitsulo yosweka ngati galasi imene ndapeza mu inveta: n'chiyani, ndipo yokhuthala yake ilipo?

Wamakoilo_Ndirande

Moni nonse akuluakulu. Ine ntchito yanga ndi yokulunga mamota ndi matransifoma ang'onoang'ono, makamaka a makina owotcherera ndi otchajira mabatire. Ndaigwira zaka 17, ndipo chitsulo cha mkati mwa transifoma chimene ndinazolowera ndi timalata tija todula ngati E ndi I, tosanja kamodzikamodzi mpaka manja kuda bii.

Sabata yatha mayi wina anabwera ndi inveta ya sola ya 5 kVA imene inapsa usiku wa ziphaliwali. Bolodi inali itapsereratu, yosakonzeka, ndiye anandiuza kuti ndizuleko zimene ndingagwiritse ntchito. Nditaiphwasula ndinapeza mphete zitatu zokulungidwa waya. Imodzi inali yakuda ya ferrite, chinthu chouma ngati dothi lowotcha koma chokokedwa ndi maginito, imeneyo ndimaidziwa. Ziwiri zinazo zinali m'timabokosi tapulasitiki tozungulira, waya wamkuwa atamukulunga mbali ziwiri mofanana. Ndinamasula imodzi n'kutsegula kabokosiko. Mkati munali riboni yachitsulo yonyezimira, yokulungidwa ngati selotepi, mizere mazanamazana, yopyapyala kuposa pepala la m'kope. Nditayesa kuisenda ndi chikhadabo inangothetheka ngati chigoba cha dzira, ndipo kachidutswa kena kanandilowa pachala. Koma maginito akuikoka mwamphamvu zedi.

Mphete inayo sindinaitsegule. Ndinaikulunga waya ka 10 n'kuyeza ndi mita yanga ya inductance (muyeso wa kuchuluka kwa maginito amene koilo imapanga magetsi akamadutsamo), kenako ndinachita chimodzimodzi pa ya ferrite, imene kukula kwake n'kofanana nayo. Ya riboniyi inaposa ya ferrite pafupifupi kasanu. Ndinabwereza katatu, zomwezo.

Mwana wa mchemwali wanga amene ali kukoleji ataiona anati ndi amorphous kapena nanocrystalline, ndipo anati pa intaneti amakamba zoti palinso ya bulk, kutanthauza yokhuthala. Apa ndi pamene mtima wanga wagona. Ngati chitsulochi chili chabwino chonchi, bwanji sachigulitsa chachibumu, choti munthu n'kuchiika pa lathe (makina osemera zitsulo) n'kusema mtima wa transifoma umene ukufuna? Riboni yosweka ndi chala singandithandize pa benchi yanga. Amene mukudziwa ndithandizeni, ndikufuna ndimvetse, osati kungomva dzina lake.

Mphunzitsi_wopuma_Zomba

Achimwene, funso lanu landikumbutsa m'kalasi, ndipo ndiyamba ndi shuga chifukwa ndi mmene ndinkafotokozera ana anga a Fomu 4. Mukasungunula shuga n'kumusiya kuti azizire pang'onopang'ono, amabwerera kukhala timibulu. Mukamuthira pa mbale yozizira mwadzidzidzi, amauma ngati galasi, kukhala switi yoonekera mkati. Shuga ndi yemweyo, koma kachiwirika tizigawo take sitinapeze nthawi yofola pamzere. Chitsulo nachonso n'chimodzimodzi. Timalata tanu ta E ndi I tili ndi maatomu ofola bwinobwino ngati njerwa za pakhoma, m'timibulu tokhala ndi malire. Chitsulo cha amorphous ndi chimene anachiziziritsa mofulumira kwambiri moti maatomu anauma ali balalabalala, monga mmene analili chili chamadzimadzi.

Vuto n'lakuti maatomu a chitsulo amafola mwachangu koopsa. Kuti muwapeze asanafole, kutentha kuyenera kutsika ndi madigiri pafupifupi 1,000,000 pa sekondi imodzi. Woyamba kuchita zimenezi anali Pol Duwez ndi anzake ku Caltech, ku California, mu 1960, ndipo iwo anasakaniza golide ndi silicon. Zachitsulo zogulitsa zinabwera m'zaka za m'ma 1970 ndi dzina loti Metglas. Kapangidwe kake n'kotere: amasungunula chitsulo chosakaniza ndi silicon ndi boron, n'kuchifinyira pa gudumu lamkuwa lozizira limene likuzungulira pa liwiro la mamita 20 mpaka 30 pa sekondi. Chikangokhudza gudumulo chauma, chikuuluka ngati riboni. Kukhuthala kwake ndi mamilimita 0.025 okha, kuchepera tsitsi la munthu. Chikakhuthala kuposa apo, mbali yosakhudza mkuwa imachedwa kuzizira ndipo maatomu amafola. Mukuona tsono kuti kupyapyalako sanachite kusankha, n'kumene kumachititsa kuti chitsulocho chikhalepo.

Nanga ubwino wake pa maginito uli pati? Mkati mwa chitsulo chilichonse chokokedwa ndi maginito muli timadera, kalikonse koloza kwake. Magetsi akadutsa mu koilo, malire a timaderato amasuntha, ndipo pa magetsi athu a 50 Hz amapita uku ndi uku ka 50 pa sekondi. Malirewo akamakodwa pa zipsera ndi pa malire a timibulu, mphamvu imatayika ngati kutentha. Komanso mbulu uliwonse uli ndi mbali imene umakonda kuloza, ndiye kuutembenuzira kwina kumafuna mphamvu. Mu amorphous mulibe timibulu, mulibe mbali yokondedwa yochokera ku kafoledwe ka maatomu, ndiye malire aja amangotsetsereka.

Kutayika kwachiwiri inu mukukudziwa kale, chifukwa ndi chimene mumasanjira timalata m'malo moika chibumu chimodzi: magetsi ozungulirazungulira amene amabadwa mkati mwa chitsulo momwemo. Kutayika kumeneku kumakula motsata kukhuthala kuchulukitsa ndi kukhuthala komweko. Lata la mamilimita 0.3 ndi lokhuthala ka 12 kuposa riboni ya 0.025, ndiye 12 kuchulukitsa ndi 12 ndi 144. Kuwonjezera apo amorphous imakaniza magetsi kudutsa pafupifupi katatu kuposa chitsulo cha silicon. Ndiye ngakhale mutachipeza chachibumu chija mukufunachi, pa magetsi osinthasintha chingatenthe mpaka kununkhitsa vanishi.

Wa_ku_Joni

Aphunzitsi afotokoza bwino, ine ndingowonjezera za pa ntchito. Ndili ku East Rand kuno, pa kampani ina yokonza matransifoma a m'mapolo, ndipo a mtima wa amorphous amatipeza nthawi ndi nthawi.

Choyamba, chitsulochi chili ndi pofooka pake. Chitsulo cha silicon chimene timagwiritsa ntchito masiku onse chimakhuta maginito pa matesla (muyeso wa mphamvu ya maginito) pafupifupi 2.0, ndipo timachiyendetsa pa 1.7. Metglas wamba wa mtundu wotchedwa 2605SA1 amakhuta pa 1.56, ndiye amamuyendetsa cha pa 1.3 kapena 1.4. Kuti transifoma ipereke mphamvu yomweyo, mtima uyenera kukula, waya azungulire mtunda wautali, thanki ikule, mafuta achuluke. Komanso riboni zopyapyala sizigundana bwino ngati malata, pamatsala timipata. Ndiye transifoma yake imakhala yaikulu, yolemera, ndipo imalira kwambiri, chifukwa chitsulochi chimatamuka ndi kufupika pang'ono maginito akamasintha, kuposa mmene cha silicon chimachitira.

Chimene amaigulira ndi kutayika kwa mphamvu pamene transifoma ili chete. Transifoma ya pa polo imadya magetsi ngakhale mudzi wonse utazimitsa nyali, bola waya wa 11 kV ali moyo. Ya amorphous imachepetsa kutayika kumeneku ndi 60 kapena 70 peresenti. Chaka chili ndi maola 8,760. Mukapulumutsa mawati 100 okha pa transifoma imodzi, ndi mayuniti 876 pachaka, ndipo transifoma imakhala pa polo zaka makumi angapo. Ndikaganiza za kwathu ku Mchinji, kumene transifoma imatumikira chigayo chimodzi ndi nyumba zowerengeka, usiku wonse ili pafupifupi yopanda katundu, ndimaona kuti malo otero ndi amene chitsulochi chimayenera. India ndi China anaika matransifoma amenewa ambirimbiri pa chifukwa chomwechi.

Pa benchi ndi chitsulo chofuna ulemu. Chikangochoka pa gudumu chimakhala cholimba, mukhoza kuchipinda osathyoka, koma chimabunthitsa mipeni. Akachikulunga amachiwotcha mu uvuni ali atachiika m'maginito, kuti chimasuke, ndipo pambuyo pake m'pamene chimayamba kuthetheka. Ife tikamatsegula mtima kuti tilowetse koilo, timayala pepala pansi, timasesa kachidutswa kalikonse, chifukwa kakagwera m'mafuta n'kukafika pa waya ndiye ngozi. Ndipo sitimanga mabawuti mothina ngati pa malata. Mukachifinya, ubwino wake umatsika.

Koma achimwene, imene mwapezayo ine ndikuti si amorphous wamba. Mphete ya m'kabokosi kapulasitiki, waya mbali ziwiri mofanana, yosweka ndi chikhadabo, inductance yoposa ferrite kasanu, imeneyo ndi nanocrystalline, ndipo ntchito yake mu inveta ndi kusefa phokoso la magetsi. Kabokosiko musakataye, ndi kamene kamateteza riboni kuti waya asaifinye.

Nachisale_Sheffield

Moni bambo Wamakoilo, moni aphunzitsi. Ine ndikuphunzira za zitsulo kuno ku England ndipo nkhani ya bulk ndi imene ndakhala ndikuwerenga chaka chino, ndiye ndiloleni ndilowepo.

Ndikugwirizana ndi achimwene a ku Joni kuti mphete yanu ndi nanocrystalline. Imayamba ngati riboni ya amorphous, kenako amaiwotcha dala pa madigiri pafupifupi 550 kwa ola limodzi kuti timibulu tibadwe, koma tating'onoting'ono, ta mananomita 10 kapena kuposerapo pang'ono. Mu milimita imodzi muli mananomita 1,000,000. Anatulukira zimenezi ndi Yoshizawa ndi anzake a ku Hitachi Metals ku Japan mu 1988, n'kuchitcha Finemet. Pa maatomu 100 aliwonse, 73.5 ndi chitsulo, 13.5 silicon, 9 boron, 3 niobium, ndipo 1 yekha ndi mkuwa. Kamkuwa kochepako ndi kamene kamadzala mbewu za timibulu paliponse nthawi imodzi, pamene niobium amaima m'malire kutiletsa kukula. Ku Germany kampani ya Vacuumschmelze imapanga chofanana nacho chotchedwa Vitroperm. Mukamva za mgodi wa Kanyika ku Mzimba, niobium wake ndi yemweyu, ngakhale kuti wambiri padziko lonse amachokera ku Brazil ndipo amathera m'zitsulo zomangira.

Pali chinthu chimodzi chimene chinadabwitsa akatswiri. Kalekale ankadziwa kuti timibulu tikachepa, chitsulo chimauma mutu pa maginito, chifukwa malire okodwapo achuluka. Ndiye timibulu ta mananomita 10 timayenera kupereka chitsulo choipitsitsa, koma chinatuluka chofewa kuposa zambiri. Giselher Herzer wa ku Vacuumschmelze ndi amene anafotokoza chifukwa chake cha m'ma 1990. Ine ndimaziona ngati anthu osenza denga la nkhokwe. Munthu aliyense payekha ali ndi kumene phazi lake likufuna kupita, koma poti onse agwira denga limodzi, wokokera kumanzere ndi wokokera kumanja amafafanizana, ndipo wotsogolera akangoti tiyeni uku, denga lonse limatsatira mosavuta. Maatomu oyandikana amagwirana motero pa mtunda wa mananomita pafupifupi 35 kapena 40. Timibulu tikachepera mtunda umenewo, tambirimbiri timakhala pansi pa denga limodzi ndipo zokonda zathu zosiyanasiyana zimafafanizana. Herzer anaonetsa kuti m'chigawo chimenechi, mukachepetsa mbulu ndi theka, kuuma mutu kuja kumatsika ka 64. N'chifukwa chake mita yanu yaonetsa chiwerengero chachikulu chija. Komanso timibuluto timafupika pamene amorphous yotsala pakati pawo ikutamuka, ndiye ziwirizi zimathetsana, mphete siilira ngati transifoma imene anena achimwene aja.

Tsopano za bulk. Ilipodi. Akihisa Inoue ndi gulu lake ku Tohoku University, mumzinda wa Sendai, anapanga mu 1995 ndodo ya amorphous yachitsulo yokhuthala milimita imodzi, pothira chitsulo chosungunuka mu chikombole chamkuwa. Anasakaniza chitsulo, aluminium, gallium, phosphorus, carbon ndi boron. Nzeru yake ndi yosokoneza maatomu: mukasakaniza mitundu itatu kapena kuposa, yosiyana kukula ndi 12 peresenti kapena kuposerapo, komanso yokondana, imachedwa kupeza pofolera, ndiye simufunikanso kuziziritsa mwachangu chija. Pambuyo pake anafika pa ndodo za mamilimita 5 ndi zosakaniza za chitsulo, cobalt, boron, silicon ndi niobium, zolimba kuposa zitsulo zambiri zimene mukuzidziwa.

Koma taonani mtengo wake. Chimene chimabweretsa maginito ndi chitsulo chenichenicho, chimene pachokha chimakhuta pa matesla 2.15. Atomu iliyonse yachilendo imene mwalowetsa kuti musokoneze kafoledwe yatenga malo a atomu yachitsulo. Ndodo ikamakhuthala, zachilendo zimachuluka, maginito amatsika. Mu 2004 ofufuza a ku University of Virginia ndi a ku Oak Ridge ku America anapanga ndodo zopitirira sentimita imodzi poonjezera zinthu monga chromium, molybdenum ndi yttrium, koma ndodozo pa kutentha kwa m'nyumba zinalibe umaginito wogwira ntchito ya transifoma. Ndiye mawu oti bulk pa nkhaniyi akutanthauza kandodo konga pensulo, osati chibumu choika pa lathe. Ndipo n'kolimba kwambiri komanso kosweka, mpeni wa lathe sungakaseme bwino, kutentha kwa kusemako kungabweretse timibulu tikulutikulu pamalo pamene mwadulapo.

Aphunzitsi anena kale za magetsi ozungulira mkati. Ndodo ya mamilimita 5 ndi yokhuthala ka 200 kuposa riboni, ndiye mwachiyerekezo kutayika kwa mtundu umenewo kungakule ka 40,000. Pa ichi ine ndimaona kuti tsogolo la bulk lili pa tizipangizo ting'onoting'ono monga masensa, osati pa matransifoma. Njira imene ikugwiradi ntchito m'mafakitale ndi ya ufa: amapanga ufa wa amorphous kapena nanocrystalline, amakuta kambewu kalikonse ndi zinthu zosadutsa magetsi, n'kuudinda m'chikombole. Chimatuluka chachibumu, cha maonekedwe alionse amene mukufuna, koma timipata ta pakati pa ufawo timatsitsa inductance kwambiri poyerekeza ndi riboni. Ena amayesa kuumata ufa wopanda chokutira poufinya uli wotentha, ndipo nkhondo yawo yonse ndi yoti umatike timibulu tisanakule.

Wamakoilo_Ndirande

Zikomo kwambiri nonse atatu. Ndawerenga kawiri, ndipo za denga la nkhokwezo achemwali zandilowa, chifukwa ndinalisenzapo kwathu ku Thyolo ndili mnyamata. Za lathe ndazisiya. Chandikhudza kwambiri ndi mfundo ya aphunzitsi yoti yankho ndinali nalo kale m'manja: zaka zonsezi ndakhala ndikusanja timalata kuti ndipewe chibumu, ndiye riboniyi ndi timalata tomweto tofika pamapeto pake.

Koma ndabweranso ndi china. Dzulo ndinatenga mphete yathunthu ija, ndinakulunga waya wokhuthala ka 10, n'kuilumikiza pa waya wopita ku batire pa tchaja ina imene ndikupanga, ya ma amp 10. Ndimayembekezera kuti isalaza magetsi bwino poti inductance yake ndi yaikulu. Palibe chimene inachita, zinali ngati ndangoika waya wowongoka. Nditaichotsa n'kuyezanso pa mita, ili bwinobwino ngati poyamba. Ndiye chachitika n'chiyani? Komanso ndimafuna kudziwa ngati ndingakulungepo katransifoma ka 230 V kotsitsa kufika pa 12 V. Ndayeza, malo a chitsulo ukadula mpheteyo pakati ndi pafupifupi sentimita imodzi mbali zonse, ndipo kuzungulira kwake ndi masentimita 10 kapena kuposera pang'ono.

Wa_ku_Joni

Mphete siinawonongeke achimwene, inangokhuta. Kufewa kwake komweko ndi kumene kwachititsa. Chitsulochi chimadzaza pa matesla pafupifupi 1.2, ndipo poti chimamva msanga, pa mphete ya masentimita 10 ngati yanuyo pamangofunika amp imodzi kapena ziwiri pa waya wozungulira kamodzi kuti chidzaze. Inu munazunguliza ka 10 n'kudutsitsa ma amp 10, ndiye kuli ngati ma amp 100. Chikadzaza sichingalandirenso kanthu, koilo imasanduka waya wamba. Mita yanu imayeza ndi magetsi ochepa zedi, n'chifukwa chake pa mita ikuoneka bwino.

Mu inveta muja sinkakhuta chifukwa cha makoilo awiri aja munawamasula. Magetsi opita ankadutsa mbali imodzi, obwerera mbali inayo, maginito awo n'kumathetsana, mphete n'kutsala yopanda katundu kudikira phokoso lokha, limene limayenda mbali imodzi pa mawaya onse awiri. Mukafuna igwire ntchito pa tchaja yanu, dutsitsani mawaya onse awiri, wofiira ndi wakuda, limodzi, mozungulira mofanana. Idzachotsa phokoso lija limalowa mu wailesi. Koma yosalaza magetsi a batire imafuna mtima wokhala ndi mpata, kapena wa ufa uja anena achemwali, kapena timalata tanu ta E ndi I mutaika kapepala pakati.

Za 230 V, werengani ndi lamulo lomwe mumagwiritsa ntchito masiku onse: 4.44 kuchulukitsa ndi 50 Hz, ndi malo a chitsulo, ndi matesla. Pa sikweya sentimita imodzi ndi matesla 1.2 mukupeza mavoti 0.027 pa kuzunguliza kumodzi, ndiye 230 V ikufuna kuzunguliza koposa 8,600, ndipo waya wotero sangalowe pa bowo la mpheteyo. Mphete yomweyo pa 20 kHz (magetsi osinthasintha ka 20,000 pa sekondi), ngakhale mutaiyendetsa pa matesla 0.5 okha, ikupatsani mavoti oposa 4 pa kuzunguliza kumodzi. Kumeneko ndi kwawo kwa chitsulochi, ndipo kumeneko chimaposa ferrite, amene amakhuta pa matesla 0.4 kapena 0.5 ndipo akatentha amafooka msanga.

Ntchito ina imene ingakuthandizeni pa benchi ndi yoyezera ma amp. Dutsitsani waya mmodzi wa mota pa bowo, kulungani waya wopyapyala ka 100 kuzungulira mphete, lumikizani resistor (kachipangizo kokaniza magetsi) ya 1 ohm kumapeto kwake. Mota ikakoka ma amp 10 a AC, pa resistor mupeza mavoti 0.1. Resistor imeneyo muimate ndi soda musanayatse, ndipo musaichotse mota ikuyenda, chifukwa mbali ya waya wopyapyalayo ikatsala yotseguka mavoti amakwera mwadzidzidzi. Tizidutswa ta mphete yosweka ija titoleni ndi maginito wokutidwa m'pepala la pulasitiki, tisatsale pa benchi pamene mumakulungira mamota.